Maso a m'mlengalenga ndi mapu a pa kompyuta: kodi remote sensing ndi GIS n'chiyani?

Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mudayamba kuzungulira mapu amitundumitundu. Ena ankaonetsa chigwa cha Shire chitapakidwa utoto wabuluu kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, ena ankaonetsa zipsera pa phiri la Soche pomwe matope adatsetserekera ku Chilobwe. Misewu inali itaduka, milatho itakokoloka, ndipo kumadera ena kunkafikika pa bwato kapena pa helikopita basi. Nanga amene adajambula mapuwo adadziwa bwanji pomwe madzi afika?

Funso lomweli limabweranso nkhani ya nkhalango ikatuluka m'nyuzi. Bungwe lina linena kuti dziko lataya mahekitala akutiakuti a mitengo, lina libwera ndi chiwerengero chosiyana kutalitali, koma onse awiri akuti "malinga ndi zithunzi za setilaiti". Wowerenga amangoti kukamwa yasa. Kuseri kwa zonsezi kuli maphunziro awiri oyendera limodzi, remote sensing ndi GIS, omwe achinyamata ambiri osankha makosi a zachilengedwe ku yunivesite amawapeza pa fomu asanadziwe n'komwe kuti n'chiyani.

Remote sensing: kuyeza uli kutali

Remote sensing ndi luso lodziwa za chinthu chomwe chili pansi pano popanda kuchifikira. Makina oyezera amakwezedwa pa setilaiti, pa ndege kapena pa drone (kandege kopanda woyendetsa m'kati), ndipo amalemba zomwe akulandira kuchokera ku nthaka, madzi, zomera ndi mitambo.

Si zalero. Mu 1858 wojambula zithunzi wina wa ku France, wodziwika ndi dzina loti Nadar, adakwera chibaluni n'kujambula malo a kufupi ndi Paris ali m'mwamba. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse asilikali adakulitsa lusoli pofuna kusuzumira misasa ya adani, ndipo nkhondo itatha ndege zidayamba kujambula maiko kuti apange mapu. Mapu akale a dziko lino, aja oonetsa phiri lililonse ndi kamtsinje kalikonse omwe timaphunzirira jogalafe ku sekondale, adachokera ku zithunzi za pa ndege zoterezi.

Zinthu zidasintha pa 23 Julayi 1972 pomwe dziko la America lidatumiza m'mlengalenga setilaiti yomwe pambuyo pake idatchedwa Landsat 1. Ntchito yake inali kuyang'ana nthaka ndi zomwe zili pamwamba pake. Kuyambira pamenepo ma Landsat akhala akulandizana ntchito osalekeza. Lero kuli Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021, zomwe zimayenda pa mtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imabwerera pamalo amodzimodzi pakatha masiku 16. Ndiye kuti munda wa agogo anu ku Ntcheu wakhala ukujambulidwa nthawi ndi nthawi kwa zaka zoposa 50, eni ake osadziwa.

Kwa zaka zambiri zithunzizi zinali za anthu a ndalama, chifukwa chimodzi chinkagulidwa madola mazanamazana, nthawi zina masauzande. Mu 2008 boma la America lidatsegula nkhokwe yonse kuti aliyense azitenga ulere, ndipo maiko a ku Ulaya adachita chimodzimodzi ndi masetilaiti awo otchedwa Sentinel. Chimenechi ndicho chidapangitsa kuti wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu lero athe kuchita pa laputopu yake kafukufuku yemwe kale ankafuna thumba la boma.

Kodi setilaiti imaona chiyani kwenikweni?

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezekera. Timaganiza kuti m'mwambamo muli kamera yaikulu yomwe imaona mtengo n'kudziwa kuti uwu ndi mtengo. Ayi ndithu. Makinawo amangoyeza kuchuluka kwa kuwala kwa dzuwa komwe kwagunda pansi n'kubwerera m'mwamba, kenako amalemba manambala. Kuwalako amakugawa m'magulu: kwabuluu, kobiriwira, kofiira, ndi magulu ena omwe diso la munthu silingaone, monga kuwala kotchedwa infrared.

Chinthu chilichonse chimabweza kuwala mwa njira yakeyake. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira popanga chakudya cha mmera, koma limabweza infrared yambiri. Madzi amameza pafupifupi infrared yonse, n'chifukwa chake nyanja imaoneka yakuda bii pa zithunzi zotere. Dothi louma, denga la malata, lupsa pomwe padutsa moto, chilichonse chili ndi kabwezedwe kake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri a pa yunivesite ya Texas A&M, omwe ankafuna kudziwa momwe msipu ulili m'zigwa za ku America, adagwiritsa ntchito njira yachidule: kuyerekeza infrared yomwe yabwerera ndi kuwala kofiira komwe kwabwerera. Zotsatira zake ndi nambala yotchedwa NDVI, yomwe imakhala pakati pa -1 ndi 1. Ikayandikira 1, pamalopo pali masamba obiriwira othithikana. Ikakhala cha pa 0 ndi dothi kapena miyala, ndipo ikatsika kupitirira apo kawirikawiri amakhala madzi. Mabungwe olosera za njala monga FEWS NET amayerekeza nambala ya mwezi uno ndi ya mwezi womwewo m'zaka zam'mbuyo kuti aone madera omwe mbewu zafota.

Koma nambalayi sidziwa chimanga. Munda wosapalira womwe udzu wafika m'chiuno ungathe kupereka NDVI yosiririka kuposa munda wosamalidwa bwino womwe chimanga chake chikadali m'mawondo. N'chimodzimodzinso ndi moto. Makina otchedwa MODIS, omwe adakwezedwa pa masetilaiti awiri a NASA, bungwe la America la zamlengalenga, mu 1999 ndi 2002, amazindikira malo otentha kwambiri, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mapu ake amadzaza timadontho tofiira ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kadonthoko sikanena ngati moto wayatsidwa ndi osaka mbewa, wososa m'munda kapena wowotcha makala.

Nanga kukachita mitambo?

Mtambo ukatchinga, woyeza kuwala kwa dzuwa wathedwa nzeru. Ndipo kwathu kuno nthawi yomwe timafunitsitsa kuona pansi, Januwale mpaka Malichi, mbewu zili m'munda ndipo mitsinje ikusefukira, ndi yomwenso kumwamba kumakhala kotseka. Wophunzira angathe kufufuza zithunzi za mwezi wathunthu za ku Mulanje osapeza n'chimodzi chomwe chooneka bwino.

Apa ndi pomwe rada imathandiza. Setilaiti ya rada sidikira dzuwa. Imatumiza yokha mafunde pansi n'kumvetsera omwe abwerera, monga momwe mleme umadziwira njira mumdima. Mafundewa amadutsa mitambo, usana ndi usiku. Akagunda pamalo okakala monga tchire, munda kapena nyumba, ambiri amabwerera. Akagunda pa madzi odekha amatsetsereka n'kupita kwina, ndipo pamalopo pamaoneka pakuda. Katswiri amatenga chithunzi cha chigwa cha Shire chimvula chisanagwe ndi china chitagwa, n'kuona pomwe panali powala koma tsopano pada. Mapu ambiri a madzi osefukira a nthawi ya Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 adapangidwa motere, makamaka ndi zithunzi za Sentinel-1, yomwe yoyamba yake idatumizidwa mu 2014. Palinso mgwirizano wa mabungwe a zamlengalenga, womwe udayamba kugwira ntchito mu 2000, woti dziko likagwa m'ngozi zithunzi ziperekedwe msanga komanso ulere. Nthambi ya United Nations yotchedwa UNOSAT ndi imodzi mwa zomwe zimasandutsa zithunzizo kukhala mapu a opereka thandizo.

Rada nayo zina zimaibisalira. Madzi a pansi pa bango ku dambo la Elephant Marsh m'chigwa cha Shire kapena a pakati pa nyumba zothithikana m'tauni saoneka bwino, ndipo mchenga wosalala ungathe kuoneka ngati madzi. Napolo, yemwe amatsika phiri usiku n'kutha m'maola ochepa, setilaiti imamupeza atadutsa kale. Imaona chipsera chokha.

Kukula kwa kabokosi

Mukakulitsa kwambiri chithunzi cha pa foni mumaona timabokosi ting'onoting'ono, tomwe amati ma pixel. Pa chithunzi cha setilaiti kabokosi kalikonse kamaimira malo enieni pansi, ndipo kamakhala ndi nambala imodzi yokha pa gulu lililonse la kuwala. Ka Landsat n'ka mamita 30 mbali zonse. Ka Sentinel-2, yomwe idayamba mu 2015 ndipo imabwerera pamalo pakatha masiku 5, n'ka mamita 10. Tiwerengere limodzi: munda wa ekala imodzi umakwana timabokosi ta Landsat tinayi ndi theka basi, pomwe ta Sentinel-2 ndi pafupifupi 40.

Tsopano taganizirani munda weniweni wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu: theka la ekala, muli chimanga, nandolo, maungu oyanga m'mizere, mtengo wa mango pakona, chulu pakati, kanjira ka kumjigo kodutsa momwemo. Pa Landsat zonsezi zimasakanikirana m'timabokosi tiwiri kapena titatu. Njira zambiri zozindikirira mbewu kuchokera m'mwamba zidapangidwira maiko komwe munda umodzi ndi mahekitala mazanamazana a mbewu imodzi, ndipo zikafika kuno zimapunthwa.

Bwanji osangochepetsa timabokosito? Palibe setilaiti yochita zonse. Meteosat, yomwe a zanyengo amaonera mitambo, imakhala pa makilomita pafupifupi 36,000 n'kumajambula Africa yonse pa mphindi 15 zilizonse kapena kucheperapo, koma kabokosi kake n'kakakulu koti mudzi wathunthu ungalowemo. Masetilaiti ena a makampani amaona ngakhale galimoto, kabokosi kake kosakwana theka la mita, koma zithunzi zake n'zogula ndipo mtengo wake ngwoboola m'thumba. Drone imaona mpaka phando la chimanga, koma batire limatha isanazungulire midzi ingapo. Pa nkhani ya ma drone Malawi sadatsalire m'mbuyo: mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera ku Kasungu, ndipo mu 2020 kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata a mu Africa kuulutsa ma drone ndi kusanthula zomwe ajambula.

GIS: mapu okhala ndi kaundula

Remote sensing ndi njira imodzi yotolera uthenga. GIS ndi komwe uthenga wonse wokhudza malo umasungidwa, kusanjidwa ndi kufunsidwa mafunso. Ndi dongosolo la pa kompyuta momwe chilichonse cholembedwamo chimadziwika pomwe chili padziko.

Taganizirani kaundula wa anyakwawa, momwe muli mayina a mabanja, chiwerengero cha ana ndi omwe adalandira makuponi. Kaundulayo amanena za anthu, koma sanena kuti nyumba ya auje ili m'mphepete mwa mtsinje pomwe ya auje ili pachitunda. Mapu a papepala amaonetsa mtsinje ndi chitunda, koma sadziwa kanthu za anthuwo. GIS imamanga ziwirizi pamodzi. Mjigo umakhala kadontho pa mapu, ndipo mukadina kadonthoko mumaona chaka chomwe udakumbidwa, kuya kwake, ndi ngati ukutulutsa madzi. Mitsinje ndi misewu imakhala mizere, pomwe minda, madambo ndi nkhalango zimakhala malo ozunguliridwa ndi malire. Gulu lililonse limasungidwa palokha, ndipo wogwira ntchito amasanjikiza magulu omwe akufuna: pansi mapu a zitunda ndi zigwa, pamwamba pake mitsinje, kenako midzi, kenako sukulu ndi zipatala.

Phindu lake lili m'mafunso omwe munthu angafunse. Ndi midzi iti ya cha ku Makhanga yomwe ili pamalo otsika pakati pa Ruo ndi Shire, muli anthu angati, ndipo sukulu yapafupi yomwe madzi sangafike ndi iti? Ndi magomo ati olimidwa m'mbali mwa Shire omwe akutaya dothi lambiri lomwe limakakwirira madamu a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira? Mafunso otere munthu angawayankhe ndi pensulo ndi mapu a papepala, koma zingamutengere miyezi.

Aphunzitsi a GIS amakonda kuyambira pa nkhani ya kolera. Mu 1854 matendawa adabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, nthawi yomwe madokotala ambiri ankakhulupirira kuti amafala ndi mpweya woipa. Dokotala John Snow adaika chizindikiro pa mapu pa nyumba iliyonse pomwe padachitika maliro, ndipo zidaoneka kuti maliro adaunjikana mozungulira pampu imodzi ya madzi ya mumsewu wa Broad Street. Kunalibe kompyuta, koma kaganizidwe n'komweko. Kwa ife omwe tidaona kolera wa mu 2022 ndi 2023 akupha anthu oposa 1,700, nkhaniyi siimveka yakale.

GIS ya pa kompyuta idabadwira ku Canada m'zaka za m'ma 1960, pomwe Roger Tomlinson adatsogolera ntchito yosunga pa kompyuta mapu a nthaka, nkhalango ndi malo olima a dziko lalikululo. Kampani ya Esri, yomwe idayamba mu 1969 ku California, ndiyo imagulitsa ArcGIS, pulogalamu yotchuka m'maofesi. Mu 2002 Gary Sherman adayambitsa QGIS, yomwe ndi yaulere ndipo ophunzira ambiri amayambira pomwepo. Google Earth Engine, ya mu 2010, imalola munthu kusanthula zithunzi masauzande pa makompyuta a Google popanda kuzikopera pa laputopu yake. Kwa amene amagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwake iyi si nkhani yaing'ono, pakuti chithunzi chimodzi cha Sentinel-2 chimayandikira 1GB. Kuno kwathu kuli nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa MASDAP komwe nthambi za boma ndi mabungwe amaika mapu oti aliyense atenge.

Ambiri zonsezi amangoti "GPS", koma GPS n'chinthu china. Ndi gulu la masetilaiti a asilikali a America, pa makilomita pafupifupi 20,000, omwe sajambula kanthu. Amangotumiza uthenga woti foni yanu iwerengere pomwe mwaima. Mpaka mu Meyi 2000 anthu wamba ankalandira uthenga wosokonezedwa dala, wophonya ndi mamita mpaka 100. Lero foni wamba imaphonya ndi mamita ochepa. Pali msampha umodzi womwe wophunzira aliyense wa kuno amaukumana: mapu akale a dziko lino adayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pomwe GPS imagwiritsa ntchito WGS 84. Mukasanjikiza ziwirizi osakonza, zinthu zimasuntha ndi mamita mazana angapo, mjigo n'kupezeka tsidya lina la mtsinje.

Kupita pamalopo

Gawo ili ndi lomwe limasiyanitsa katswiri ndi wongodziwa kudina mabatani. Kuti manambala asanduke mapu onena kuti apa ndi nkhalango, apa munda, apa dambo, munthu amayenera kuphunzitsa kompyuta. Amapita kumalo odziwika ndi GPS m'manja, n'kulemba chomwe wapezapo. Kompyuta imaona manambala a malo amenewo n'kufunafuna ena ofanana nawo m'chithunzi chonse. Akatero amapitanso kumalo ena omwe kompyuta sidauzidwe, kukaona ngati yalondola. Mapu aliwonse oona mtima amayenera kunena kuti pa malo 100 oyesedwa adalondola angati, ndipo mapu osanena zimenezi ngofunika kuwakayikira.

Chifukwa chake chimaoneka bwino pa nkhalango zathu za miombo. Mitengo ya tsamba ndi mombo imayoyola masamba m'chilimwe, pansi pake n'kupsa ndi moto. Chithunzi cha mu Seputembala chingathe kuonetsa ngati nkhalango yatha, pomwe cha mu Epulo chikuonetsa kuti ilipo. Msangu umachita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe. Amene sadapondepo m'minda ya ku Salima kapena ku Mangochi sangaziganizire zimenezi ali pa desiki.

Ndiye pali funso loti nkhalango n'chiyani. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limati ndi malo oposa theka la hekitala okhala ndi mitengo yotalika kupitirira mamita 5 yomwe nthambi zake zikuphimba gawo loposa 10 pa 100 la nthaka. Tsamba la pa intaneti la Global Forest Watch, lomwe lidatsegulidwa mu 2014 ndipo limagwiritsa ntchito mapu a Matthew Hansen ndi anzake a pa yunivesite ya Maryland, limayambira pa 30 pa 100 pokhapokha wogwiritsa ntchito atasintha yekha. Miombo yambiri, yomwe mitengo yake imakhala yotalikirana, imagwera pakati pa malire awiriwa. Komanso mapu a Hansen amawerenga mitengo yomwe yachoka, osafunsa chifukwa: paini wokololedwa ku Chikangawa yemwe adzabzalidwenso amalowa m'chiwerengero chimodzi ndi nkhalango yachilengedwe yosanduka munda. Pomwe ku Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, wowotcha makala akadula mitengo ikuluikulu n'kusiya ing'onoing'ono, kabokosi ka mamita 30 kangathe kukhalabe kobiriwira kwa zaka zingapo nkhalango ikutha m'kati. Mabungwe awiri angathe kugwiritsa ntchito zithunzi zomwezo n'kupeza ziwerengero zosiyana popanda wonama. Funso loyenera kufunsa ndi loti: mwawerenga chiyani, m'miyezi iti, ndipo mudapitako?

Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi n'cha inshulansi ya chilala. Pa nyengo ya ulimi ya 2015/16 boma la Malawi lidagula inshulansi ku African Risk Capacity, bungwe la African Union. Inshulansi yotere situmiza munthu kukayendera minda. Imadalira pulogalamu yomwe imatenga mvula yoyerekezedwa ndi setilaiti n'kuwerengera ngati chimanga chidapeza madzi okwanira. Chilala cha El Niño chidabweradi, anthu oposa 6 miliyoni adafunika thandizo la chakudya, koma pulogalamuyo idaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa, moti poyamba malipiro sadatuluke. Atafufuza adapeza kuti m'pulogalamumo mudaikidwa chimanga chochedwa kucha, pomwe alimi ambiri adabzala chocha msanga, chomwe kagwedwe ka mvula ka chaka chimenecho kadachipweteka kwambiri. Atakonza, bungwelo lidalipira madola 8.1 miliyoni, koma patadutsa miyezi. Otsutsa inshulansi yotere amati nkhaniyi ikuonetsa kuopsa kokhulupirira kompyuta pa moyo wa anthu. Oikira kumbuyo amati setilaiti sidalakwe, chidalakwika ndi uthenga wa pansi pano womwe idapatsidwa.

Pomwe lusoli limawala kwambiri ndi pa kutsatira chinthu chimodzi kwa zaka zambiri. Nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso, mabwato n'kutsala pamatope ku Kachulu. Za 1968 timadalira zolemba ndi zokumbukira za akuluakulu, koma zotsatirazo zili m'nkhokwe ya Landsat. Wofufuza angathe kuyeza kukula kwa madzi chaka ndi chaka, n'kuyerekeza ndi mvula komanso ndi kusintha kwa minda ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe yomwe imathira m'nyanjayi. Madzi ndi osavuta kuzindikira, nyanja ndi yaikulu, ndipo m'chilimwe kumwamba kumakhala koyera.

Wophunzira amaphunzira chiyani?

Amene akuganiza zolowa m'maphunzirowa ayembekezere jogalafe, fizikisi pang'ono ya kuwala, masamu a ziwerengero, ndi kulemba timapulogalamu m'zilankhulo za kompyuta monga Python kapena R. Ayembekezerenso nsapato zolimba, chifukwa ntchito yambiri ndi yoyenda m'minda ndi m'mapiri ndi kucheza ndi eni malo. Ku MUST, ku Mzuzu University, ku MUBAS, ku University of Malawi ndi ku LUANAR maphunzirowa amapezeka, kwina ngati digiri yapayokha, kwina ngati gawo la jogalafe, kuyeza malo, zankhalango kapena zachilengedwe. Kunja, ambiri a m'chigawo chino cha Africa adasulidwa ku RCMRD mumzinda wa Nairobi, bungwe la maboma loona za mapu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1975 ndipo Malawi ndi membala wake, kapena ku sukulu ya ITC ya ku Enschede m'dziko la Netherlands. Ntchito zimapezeka ku nthambi ya zankhalango, yoyeza malo, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mabungwe a madzi, makhonsolo, ndi m'malo osungira nyama monga Liwonde ndi Majete komwe njovu zina zimavekedwa makolala otumiza uthenga wa pomwe zili. Mapulogalamu amasintha zaka zingapo zilizonse, moti wongoloweza mabatani a pulogalamu imodzi sachedwa kutsalira. Chokhalitsa ndi kudziwa nthaka, zomera ndi madzi a dera lomwe ukulijambula.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la umwini. Masetilaiti omwe tikudalira ndi a America ndi a ku Ulaya, ndipo ulere wa zithunzi zawo ndi chisankho cha maboma amenewo, chomwe angathe kuchisintha. Earth Engine ndi ya kampani. Ena amati maiko a mu Africa akhale ndi masetilaiti awoawo, monga achitira South Africa, Nigeria ndi Egypt. Ena amati ndalamazo zingapindule kwambiri zitapita ku malo oyezera mvula ndi kuya kwa mitsinje pansi pano, omwe ndi ochepa, ndi ku malipiro a anthu odziwa kumasulira zithunzi zomwe zilipo kale. Palinso nkhani ya mapu omwe mabungwe amapanga ndi ndalama za pulojekiti: pulojekiti ikatha, amasungidwa kuti, ndipo ndani ali ndi ufulu wowatenga?

Lachiwiri ndi la malo. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola kuti mabanja alembetse malo awo, ndipo zithunzi za m'mwamba ndi GPS zimachepetsa mtengo woyezera. Kwa mayi wamasiye yemwe achibale akufuna kumulanda munda, malire olembedwa angakhale chitetezo. Koma malire a kumudzi nthawi zambiri ndi nkhani yokambirana: dambo lomwe ena amalima dimba m'chilimwe ena n'kumadyetsamo ng'ombe, munda wobwerekedwa kwa mkamwini, manda, msitu wa dambwe. Mzere wa pa kompyuta umafuna mwini mmodzi ndi malire amodzi. Ndani amasankha pomwe mzerewo udutse, ndipo wosadziwa kuwerenga mapu angatsutse bwanji?

Lachitatu likuchokera ku misika yakunja. Lamulo la European Union la mu 2023 likufuna kuti khofi, soya, matabwa ndi zinthu zina zolowa kumeneko zisonyezedwe kuti sizidalimidwe pamalo omwe nkhalango idadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020, ndipo munda uliwonse upereke manambala a pomwe uli. Tsiku loyambira lakhala likusunthidwa, koma mlimi wa khofi ku Misuku kapena ku Phoka zikumukhudza. Khofi wolimidwa pansi pa mitengo ya mthunzi angathe kuoneka ngati nkhalango kuchokera m'mwamba, ndipo kudulira mitengoyo kungaoneke ngati kuwononga nkhalango. Mapu akalakwitsa, mlimiyo akadandaule kwa yani? Funso lomweli lili pa malonda a mpweya wa kaboni, pomwe ndalama zopita kwa anthu osamala mitengo zimadalira kuyeza kochitika kutali ndi iwo.

Ndipo pali la Soche. Mapu a kutsetsereka kwa nthaka, mtundu wa dothi ndi kutha kwa mitengo angathe kuonetsa bwino lomwe nyumba zomwe zili panjira ya napolo wotsatira, ku Blantyre, ku Zomba kapena m'munsi mwa phiri la Michesi ku Phalombe komwe ngozi yotere idapha anthu ambiri mu 1991. Mapuwo sanena komwe banja lochita lendi pamalopo lipite, kapena amene alipire malo atsopano, kapena chomwe chichitike kwa mwini nyumba yomwe yapakidwa utoto wofiira ikatsika mtengo. Akatswiri a mapu, makhonsolo, mafumu ndi anthu okhala m'mapirimo sadagwirizanebe kuti chenjezo lotere lidzikhala lamulo losamutsa anthu, kapena uphungu womwe munthu angaumvere kapena kuukana.